Lachitatu: mjigo wa pamsika ndi mawu akuti cynical

Mvula ya usiku inandichedwetsa kudzuka, ndipo pofika pa siteji minibasi inali itatsala pang'ono kudzaza. Tikudutsa pamsika tinaona galimoto yaikulu ikuboola mjigo. Mayi amene ndinakhala naye mpando umodzi anati, "Koma ndiye zikomo, ana athu apumako kutunga kudambo." Bambo wina kumbuyo sanachedwe kuyankha: "Mayi, musanamizidwe. Palibe amene amakumbira anzake mjigo ulele. Chilipo chimene akufuna ameneyo." Mnyamata wina anafunsa ngati alipo akudziwa amene wapereka ndalama, komanso ngati madziwo adzayezedwa. Agogo a pafupi ndi chitseko anangoti, "Uwonongeka chaka chisanathe, mudzandiuza."

Phiriyodi yachitatu ndinali ndi a Fomu 4, Chingerezi. M'ndime imene timawerenga munali mawu akuti cynical. Mtsikana wina anakweza dzanja nati, "Madamu, kodi cynical ndi sceptical si chimodzimodzi? Onsewo si okayikira?" Ndinaika buku pansi, n'kuwafotokozera za mu minibasi muja.

Mnyamata uja ndiye sceptic. Mawuwa anachokera ku Chigiriki, skeptikos, kutanthauza munthu woyang'anitsitsa, wofufuza. Sanagamule kanthu, akufuna umboni, ndipo mukamubweretsera amasintha maganizo. Agogo aja ndi pessimist, kuchokera ku Chilatini pessimus, choipitsitsa. Iwo sanaloze chala munthu aliyense. Mwina amavomereza kuti wokumbitsa mjigoyo ndi wa mtima wabwino, kungoti sayembekezera kuti zinthu zitha bwino. Bambo aja ndiwo cynic. Nkhani yawo sinali pa madzi kapena pa mjigo ayi, inali pa mtima wa munthu amene sanamuonepo n'komwe, ndipo mlandu anauweruza kale: aliyense amachita zinthu chifukwa cha dyera. Mutawauza kuti ndalamazo anasonkha ndi anthu a pamsika omwe, adzati wosonkhetsayo wadyapo. Palibe umboni umene ungawafike pamtima, ndipo apa ndi pamene amasiyanirana kwambiri ndi mnyamata uja.

Mnyamata wa pa desiki yakumbuyo anafunsa za sarcastic. Ameneyo tinathana naye msanga: ndi kalankhulidwe chabe, kunena zosiyana ndi zimene ukutanthauza pofuna kubaya mnzako, monga kuuza wochedwa kuti "mwalawiratu lero". Gwero lake m'Chigiriki ndi kung'amba mnofu. Munthu atha kukhala cynic koma osalankhula motero ngakhale kamodzi.

Kalasi inaseka nditawauza kuti cynic anachokera ku kynikos, kutanthauza "ngati galu". Linali dzina la gulu la anthu oganiza mozama a ku Greece wakale. Wodziwika kwambiri ndi Diogenes wa ku Sinope, amene anamwalira cha m'ma 323 BC. Ku Athens ankagona mumtsuko waukulu wadothi, ndipo nkhani zakale zimati ankayenda ndi nyali masanasana, akuti akufunafuna munthu weniweni. Zimatinso Alexander Wamkulu, mfumu ya ku Macedonia, atamupeza ku Corinth n'kumuuza kuti apemphe chilichonse, iye anangomupempha kuti asunthe chifukwa akumutchingira dzuwa. Chimene chimandigwira mtima ndi chakuti Diogenes ankanyoza chuma ndi ulemu chifukwa ankakhulupirira kuti khalidwe labwino lokha n'lokwanira pa moyo wa munthu. Ankadzudzula anthu pofuna kuti akhale abwino kuposa mmene analili. Cynic wa lero anatsala ndi kunyozako basi, chikhulupiriro chija chinatayika panjira.

Tinayesa kupeza liwu limodzi la Chichewa. "Wokayikira" tinakana, poti ameneyo ndi mnyamata wa mu minibasi uja. "Wonyoza" likuyandikira koma silikwana, chifukwa munthu amanyozanso chovala kapena ndiwo. Tinagwirizana pa mawu aatali ndithu: munthu woyesa aliyense wadyera. Belu linalira tisanawerenge ndime yachiwiri, ndipo sindikudandaula.

Ndikutuluka, mtsikana uja ananditsatira pakhonde, nalankhula motsitsa mawu. "Madamu, anzanga ena amati makalasi a Loweruka aja simungamatiphunzitse ulele, chilipo chimene mumapeza." Zinandipweteka, sindibisa. Bambo a mu minibasi aja ndimawamvetsa: ndi wamkulu, mwina analonjezedwa zambiri zimene sizinachitike, ndipo mtima unauma. Koma awa ndi ana a zaka 17. Ndinamufunsa kuti iyeyo akuganiza bwanji. Anati sakudziwa, ndi chifukwa chake wabwera kudzafunsa. Ndinamuuza zoona, kuti sindilandira kanthu, ndipo ngati akufuna akafunse kwa ahedi. Anati akafunsadi. Ndinakondwera naye kwambiri.

Pobwerera madzulo ndinatsikira pamsika paja m'malo mwa pa siteji yathu. Oboola mjigo aja anali atafika pamadzi, matope ali mbwee mpaka kumsewu, ana atazungulira galimoto. Ndinafunsa mmodzi wa okumbawo kuti mjigowu wapereka ndani. Anati iwo angotumidwa kudzaboola, koma a komiti ya pamsika adzakhalapo Loweruka masana. Makalasi athu amatha 12 koloko, ndiye ndidzadzera pompo.