Mphira wa njinga ndi milalang'amba yomwe ikutalikira

Sabata ino m'kalabu ya sayansi pasukulu yathu kuno ku Nchalo timakambirana za kuwala kochokera ku milalang'amba (magulu akuluakulu a nyenyezi) yakutali. Lolemba lonse lidathera pa mfundo imodzi: ana ankaganiza kuti redshift ndi nyenyezi yooneka yofiira ndi maso. Si choncho. Kuwala mukakugawa m'mitundu ya utawaleza, mumapezamo timizere, ndipo mpweya uliwonse uli ndi malo akeake. Kamzere kodziwika ka haidrojeni kamakhala pa manenomita 656 (muyeso wa kutalika kwa funde la kuwala). Kakasendera kofiira, ndiye kuti chinthu chowalacho chikutalikira, ndipo kusenderako ndiko redshift. Kakasendera kobuluu, chikubwera.

Lachitatu ndidabwera ndi mphira womangira katundu pa njinga. Ndidajambulapo funde loimira kuwala ndi choko, n'kuika madontho oimira milalang'amba, anyamata awiri n'kukoka uku ndi uku. Funde lija lidatalika, ndipo dontho lakutali lidasuntha kwambiri kuposa lapafupi, pomwe nthawi yokoka idali imodzimodzi. Apa mpamene ndidachedwapo dala, chifukwa madonthowo sadayende pa mphirapo, koma mphirawo ndiwo udatanuka. Thambo nalo likutanuka, ndipo kuwala kumatalikitsidwa kuli pa ulendo. Wansembe wa ku Belgium, Georges Lemaître, adawerengera za kutanukaku mu 1927, ndipo katswiri wa zakuthambo Edwin Hubble adasonyeza mu 1929 kuti mlalang'amba ukakhala patali, umatalikiranso mothamanga.

Funso lomwe lidandisangalatsa lidabwera Lachinayi, kutentha kuli pachimake, ambiri akudzikupiza ndi makope. Mtsikana wa Fomu 3 adati: "Aphunzitsi, ndiye palibiretu womwe ukubwera kuno?"

Ulipo. Mu 1912 katswiri wa zakuthambo Vesto Slipher, ku Arizona ku America, adayeza kuwala kwa mlalang'amba wa Andromeda n'kupeza kuti timizere tasendera kobuluu, kusonyeza kuti ukubwera kuno pa liwiro la makilomita pafupifupi 300 pa sekondi. Andromeda ndi mnansi wathu: kuwala kwake kumatenga zaka pafupifupi 2.5 miliyoni kuti kutipeze, ndipo pa mtunda wotere mphamvu yokokana pakati pa iye ndi mlalang'amba wathu imaposa kutanuka kuja. Mwana wofunsa chonchi sakuloweza, akuyesa ngati zomwe ndanena zikugwira paliponse, ndipo ana otere ndimawafuna ambiri.

M'miyezi yotenthayi Andromeda amaoneka ndi maso madzulo, cha kumpoto, mwezi ukakhala kulibe. Lachisanu ndidapempha ahedi kuti atilole kudzasonkhana pabwalo la mpira mdima ukagwa. Avomera, bola makolo alembe makalata ndipo aphunzitsi aakazi akhalepo.