Tsiku lomwe counter++ inandisinthira maganizo

Semesita yathayi ndimatenga makosi awiri pakamodzi, operating systems ndi computer architecture, ndipo poyamba ndimaona ngati palibe pomwe akukumana, mmawa tikujambula ma register (timalo tosungiramo manambala mkati mwa purosesa) ndi ALU (gawo lochita masamu) pa bolodi, masana tikukambirana za ma process (mapulogalamu omwe akuyenda) ndi scheduling (kuwagawira nthawi pa purosesa), pofika madzulo mutu uli zwee. Anzanga ena amati izi nzongofuna kukhoza mayeso, chofunika ndi kudziwa kupanga ma app basi. Inenso ndinatsala pang'ono kuwakhulupirira, mpaka tsiku lina mu labu.

Ntchito yake inali yaing'ono zedi. Lembani pulogalamu mu C, ma thread awiri (magawo a pulogalamu oyenda nthawi imodzi), iliyonse iwonjezere 1 pa counter imodzi ka 1,000,000. Ngakhale mwana akhoza kukuuzani kuti yankho ndi 2,000,000. Ndakompaila, ndayendetsa, pa sikirini kwatuluka nambala yosafika nkomwe 1,500,000. Kuyendetsanso, nambala ina. Kachitatu inanso ina, khodi yomweyo, kompyuta yomweyo, osasintha ngakhale chilembo chimodzi.

Aphunzitsi sanatiuze yankho, anangoti tsegulani assembly muone nokha. Ndinalemba gcc -S, yomwe imasandutsa C kukhala assembly, malangizo omwe purosesa imatsata, nkutsegula fayilo ija, ndipo pamene ine ndinalemba mzere umodzi, counter++, panali malangizo atatu: tenga nambala ku memory uyiike mu register, onjezera 1, ibwezere ku memory. Apa mpamene zinayamba kumveka. Thread yoyamba yawerenga 50, isanabweze, inzake pa core ina ya purosesa yawerenganso 50 yomweyo, zonse zalemba 51, ndiye kuti 1 mmodzi wasowa, ndipo izi zikuchitika kambirimbiri pa sekondi imodzi. Ndiye race condition imeneyo, mawu omwe ndinali nditawaloweza kale mu notsi koma osawamva kwenikweni.

Mankhwala ake ndi mutex, loko yomwe imalola thread imodzi yokha kukhudza counter pa nthawi, tinayika ndipo 2,000,000 inatuluka nthawi zonse. Koma chinandigwira mtima ndi funso la mtsikana wina mkalasi mwathu, anati nanga mutex-yo ikutetezedwa ndi chani, si nayonso ndi nambala ina mu memory yomwe ma thread awiri akhoza kuiwerenga nthawi imodzi? Funso la nzeru kwabasi. Yankho lake lili mu kosi ina ija ya mmawa, purosesa ili ndi malangizo apadera omwe amawerenga ndi kulemba ngati chinthu chimodzi chosadulika pakati, pa ma purosesa a x86 pali cmpxchg yokhala ndi lock kutsogolo, pa RISC-V pali amoswap. Edsger Dijkstra anali atafotokoza kale za ma semaphore, njira yoti ma thread azidikirirana, cha m'ma 1965, koma ganizo labwinolo limafunabe kuti hardware igwirepo dzanja. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuwaona ngati makosi awiri.

Sabata yotsatira zinachitikanso, ulendo uno ndi cache, ka memory kakang'ono kothamanga ka mkati mwa purosesa. Array yaikulu ya mizere ndi ma column, kuphatikiza manambala onse. Ukayenda mzere ndi mzere zikuthamanga, ukangotembenuza ma loop awiri aja nkumatsika ndi ma column pulogalamu ikuchedwa kangapo konse, pomwe masamu ake ndi omwewo ndendende. Chifukwa chake nchakuti C imasunga mzere wonse moyandikana mu memory, ndipo purosesa sitenga nambala imodzi yokha ku RAM, imatenga cache line yonse, yomwe pa ma purosesa ambiri ndi ma byte 64, kutanthauza ma int 16 pakamodzi. Woyenda mu mzere amagwiritsa ntchito onse 16, wotsika ndi column amangotola mmodzi nkulumpha kukatenga line ina, ndipo ulendo wa ku RAM ndi wautali, pafupifupi ma nanosecond 100 pomwe L1 cache, yapafupi kwambiri ndi core, ndi cha mu 1. Mpaka pano ndikamalemba loop iliyonse ndimayamba ndaganiza kuti deta yagona bwanji mu memory.

Za scheduling sindinena zambiri, round robin, priority, kuwerengera waiting time pa pepala, nzofunika koma sizinandikoke. Pipeline, magawo asanu omwe lamulo limadutsamo mu purosesa, fetch, decode, execute, memory, write back, inandivuta pa ma hazard, pomwe malangizo otsatizana amasokonezana, mpaka nditaijambula ndekha kangapo ndi pensulo.

Yomwe ndimaikonda kuposa zonse ndi virtual memory. Yesani izi ngati muli ndi Linux, itanani fork(), yomwe imakopera process (parent) nkupanga ina (child), mu child musinthe variable, kenako onse awiri asindikize adilesi ya variable-yo ndi zomwe zili mkati. Adilesi ituluka yofanana koma manambala osiyana. Zitheka bwanji eti? Adilesi yomwe pulogalamu imaiona si ya mu RAM yeniyeni, process iliyonse ili ndi page table yake, mndandanda wolumikiza ma adilesi ake ndi a mu RAM, memory imagawidwa m'ma page, kawirikawiri a ma byte 4096, gawo la purosesa lotchedwa MMU ndi lomwe limamasulira adilesi ndipo cache yake yotchedwa TLB imasunga zomasulira zaposachedwa kuti zisachedwe. Hardware ikalephera kumasulira imaitana kernel (mtima wa operating system), ndiyo page fault, kernel nkuona ngati ibweretse page-yo kapena iphe pulogalamu. Segmentation fault yomwe inkandisowetsa mtendere chaka choyamba ndi imeneyi, kernel kukana kuti ukhudze memory yomwe si yako.

Amene mukuyamba kumene makosiwa, chonde musamangodalira ma slide, pezani xv6. Ndi operating system yaing'ono yomwe MIT inapangira ophunzira, anatengera pa Unix Version 6 ya 1975, pano imayenda pa RISC-V ndipo mutha kuiyendetsa mu QEMU, pulogalamu yoyerekeza kompyuta ina, pa laputopu yanu yomweyo. Khodi yake ndi yochepa moti munthu mmodzi akhoza kuiwerenga yonse nkumvetsa. Ndimakumbukiranso kuti Linus Torvalds amayamba Linux mu 1991 ali wophunzira pa University of Helsinki, ndi zaka 21 zokha, zinthu izi si zakutali monga timaganizira.

Pano ndili pa copy-on-write fork mu xv6, kuti parent ndi child azigawana ma page mpaka mmodzi atafuna kulembapo. Ma page fault akugwidwa bwino, chatsala ndi kuwerengera kuti page iliyonse akuigwiritsa ntchito ndi angati ndisanaimasule, ndipo mawa mmawa ndiyambira pomwepo mu kalloc.c, fayilo yomwe imagawa ndi kumasula ma page.