Zero-rated ndi exempt: tsopano zalowa m'mutu

Anzanga amene tikukonzekera mayeso a misonkho a ICAM, bungwe la akatswiri owerengera ndalama m'Malawi, lero mtima wanga wakhala pansi. Kusiyana kwa zero-rated ndi exempt, magulu awiri a katundu ndi ntchito zomwe wogula saonjezeredwa VAT, kwandizunguza mutu kuyambira pomwe tinayamba mutu wa VAT, ndipo tsopano ndakumvetsa. Za input ndi output ndingokumbutsa mwachidule: input ndi VAT yomwe wamalonda amalipira pogula zinthu za bizinesi, output ndi yomwe amalipiritsa pogulitsa.

Chinkandisokoneza n'chakuti kumbali ya wogula ziwirizi zimaoneka chimodzimodzi. Wagula, walipira, palisiti palibe VAT yowonjezera. Nanga lamulo la VAT la 2005 linavutikiranji kuzigawa m'ndandanda ziwiri, yoyamba ya exempt, yachiwiri ya zero-rated? Yankho silili kwa wogula ayi. Lili kumbuyo kwa kauntala, m'mabuku a wogulitsa, pa VAT yomwe iyeyo analipira pogula zinthu zoyendetsera bizinesi yake.

Nachi chitsanzo chomwe chinanditsegula maso. Ndigwiritsa ntchito 16.5 peresenti yomwe ili m'mapepala a mayeso akale. Kampani ya tiyi ku Thyolo, yomwe imatumiza tiyi wake kunja, yagula penti ya K1,000,000 yopakira fakitale. VAT yake ndi K165,000. Sukulu ya pulaiveti nayonso yagula penti yomweyo, mtengo womwewo, kwa wogulitsa yemweyo, ndipo yalipira K165,000 yomweyo. Onse awiri saonjezera VAT pa zomwe amagulitsa: katundu wotumizidwa kunja ndi zero-rated, maphunziro ndi exempt. Koma a tiyi aja adakali mkati mwa dongosolo la VAT. Amalipiritsa ndithu, kungoti pa 0 peresenti, choncho pa fomu yawo ya pamwezi, ija yoperekedwa pofika pa 25 mwezi wotsatira, amalemba K165,000 ngati input ndipo ali ndi ufulu woitenganso ku MRA. Sukulu ija ili kunja kwa mpanda. Ilibe poitanitsira ndalamayo. K165,000 ija imasanduka gawo la mtengo wa penti.

Ndiye m'mabuku a kampani ya tiyi penti ndi K1,000,000, ndipo K165,000 ikuima payokha ngati ndalama yomwe MRA iyenera kuwabwezera kapena kuwachotsera. M'mabuku a sukulu penti ndi K1,165,000, basi. Ndipo mwini sukulu sangaimeze yekha ndalama imeneyi, adzaigawira pa fizi. Kholo lomwe likuganiza kuti pa maphunziro palibe VAT likuilipira ndithu, yobisika mkati mwa fizi, popanda lisiti loionetsa.

Pamenepa ndinaima kaye, cholembera chili m'manja. Exempt ndinkaiona ngati chifundo chachikulu kuposa zonse, pomwe kwa wamalonda zero-rated ndiye yokoma. Zinandikumbutsa 2022, boma litachotsa VAT pa mafuta ophikira, ambiri tikuyembekezera kuti botolo litsika mtengo nthawi yomweyo. Zifukwa zokwezera mitengo chaka chimenecho zinali zambiri, kuphatikizapo kugwa kwa kwacha mu Meyi. Koma kuyambira pano nduna ya zachuma ikamawerenga bajeti ku Nyumba ya Malamulo n'kunena kuti katundu wakutiwakuti sakhalanso ndi VAT, funso langa loyamba likhala lakuti: walowa m'ndandanda iti? Chifukwa opanga katunduyo akataya mwayi wotenganso input yawo, wogula sangaone kutsika konse komwe akuyembekezera.

Njira yomwe yandithandiza ndi yolondola lisiti limodzi. Ndimatenga pepala, kulemba lisiti limodzi lokha pamwamba, kenako kufunsa kuti ndalama ya msonkho ili apayi ikagona m'thumba mwa yani. Ndimailondola ndi mivi mpaka itaima. Kunena zoona, ndikukhulupirira kuti palibe mutu wa misonkho womwe ungakanike ndi njira imeneyi. Ndaiyesa pa withholding tax, msonkho womwe wokulipira amadula asanakupatse ndalama zako, yatheka bwinobwino: ndalama yodulidwa ija sinatayike, yangotsogola ku MRA pa nambala ya msonkho ya amene wadulidwayo, ndipo adzaichotsera pa msonkho wake wa pachaka. Ndikanakhala mphunzitsi ndikanaletsa kutsegula buku sabata yoyamba, aliyense angobwera ndi lisiti la m'golosale.

Apa ndiye pamandiwawa. M'kalasi tinauzidwa kuloweza ndandanda ziwiri zija pamtima, katundu mmodzimmodzi, ndipo wina atafunsa chifukwa chake zili ziwiri anangoyankhidwa kuti ndi momwe lamulo lilili, tipitirire nthawi yatha. Sindikuti aphunzitsiwo sadziwa, amadziwa kwambiri, koma akuthamanga ndi silabasi. Ifenso timafika m'kalasi yamadzulo titatopa, titaweruka kuntchito n'kulimbirana minibasi, ndipo kunyumba magetsi akazima timawerengera pa tochi ya foni. Mphamvu yochepa yotsalayo kuithera kuloweza ndandanda yomwe bajeti ikhoza kuisintha chaka chamawa, pomwe mfundo yake imafotokozeka pa mphindi khumi, n'zondikwiyitsa ndithu. Ndandanda munthu angathe kuitsegula pa intaneti ali muofesi. Chifukwa chake ndiye chofunika kukhala m'mutu kasitomala akakufunsa ngati kulembetsa VAT kungamupindulire.

Komabe pali pomwe mivi yanga ikugwedezeka. Bizinesi zambiri zazing'ono zomwe tidzasungire mabuku sizigulitsa katundu wa mtundu umodzi. Shopu imodzi ili ndi zolipiritsa VAT, za ziro ndi za exempt pa shelefu imodzi, ndipo bilu ya magetsi ndi imodzi. Ndikudziwa kuti input yotere imagawidwa, gawo lina lobwezedwa, lina ayi. Koma ndikayesa kulondola lisiti la magetsilo, muvi ukugawikana pakati ndipo ndikusowa pouloza. Mwina ndikungofunika kuchita mafunso ambiri a mtundu umenewu, mwinanso njira yangayi ili ndi malire omwe sindikufuna kuwavomereza. Amene mwafika kale pa mutu umenewu, inu mukumaugwira bwanji?