Chamberlain sitikumuyesa mwachilungamo

Usiku wathawu mphwanga anandionetsa pa foni ziwerengero zosonyeza kuti mapointi amene Wilt Chamberlain, katswiri wa masewera a basketball, anapeza mu 1961-62 amachepa mphamvu akawerengedwa potengera kuti timu yake inkagwira mpira kangati. Ndikuvomereza kuti masewera a NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America, ankathamanga kwambiri nthawi imeneyo, moti mapointi ake 50.4 pa gemu anachokera m'mipata yochuluka kuposa imene osewera alero amapeza.

Komabe zinandipweteka mumtima kuona munthu wotere akuchepetsedwa. Chaka chimenecho ankasewera mphindi 48.5 pa gemu, kupitirira mphindi 48 zokhazikika chifukwa cha nthawi yowonjezera, ndipo mipira yonse imene ankatchinga sinalembedwe paliponse m'mabuku a ligi, popeza NBA inayamba kuiwerenga mu 1973, iye atasiya kale kusewera.