Lachinayi, ndinakamasulira ku shelter ya amayi ndi ana

Lero linali tsiku langa la ofu ndipo pulani inali yochapa nkugona basi, koma dzulo usiku amayi busa anandiimbira kuti pali mtsikana wakwathu ali ku shelter ina konkuno ku Cape Town ndi ana ake awiri, a social worker akufuna munthu womasulira chifukwa chizungu chake nchongopemphera madzi akumwa. Ndiye mmawa ndalawira, mphepo ya kunoyi ikuchita ngati ikufuna ichotse duku kumutu. Dzina la malowo ndi komwe ali sinditchula, pageti anandiuza kuti foni ikhale mchikwama, osajambula osatumiza location kwa wina aliyense, poti azibambo ena amachita kusakasaka akazi awo geti ndi geti.

Mkati ndi nyumba wamba, ine ndimaganiza kuti ndikapeza zangati kuchipatala. Zipinda zingapo, chilichonse mayi ndi ana ake, khitchini imodzi, pakhoma apachika ndandanda wa amene akuphika ndi amene akukolopa sabata ino, panja zingwe zadzaza matewera. Mtsikanayo ndinampeza atakhala mphepete mwa bedi, chikwama cha shangani chili pambali chosamasula ngakhale wakhalapo kale masabata angapo. Nditangoti muli bwanji asisi anandiyang'ana kaye kenako misozi, akuti kuchokera tsiku lomwe anafika sanalankhulepo Chichewa ndi munthu wamkulu.

Nkhani yake ambiri tikuidziwa, imangosintha mayina. Bambo anatsogola ku Joni, anamuitanitsa, poyamba zinthu zinali bwino kenako mowa, kenako manja, kenako bambo uja anapeza wina nkusowa, foni osayankha, pasipoti ya mkaziyo anapita nayo. Lendi inapitirira miyezi iwiri landilodi nkuika loko wake pachitseko katundu ali momwemo. Anagonako kwa mnzake mpaka mwamuna wa mnzakeyo anayamba kung'ung'udza, anagonako kutchalitchi, mpaka nesi wa kukiliniki komwe anapita ndi mwana akutsokomola ndi amene anamulumikiza ndi a social worker. Ndinamufunsa kuti nanga kumudzi akudziwa? Akuti amayi ake anangoti banja ndi kupirira mwana wanga, ankhoswe akambirana. Ankhoswe ali ku Malawi, iwe uli pamsewu ku Cape Town ndi ana awiri, akambirana pa WhatsApp kapena?

Ntchito yanga inali yomasulira pulani. A social worker, mayi wachikulire wodekha bwino, anatenga pepala nkunena kuti pano munthu amakhala miyezi itatu, akaona kuti zinthu sizinalongosoke amatha kuwonjezera koma sipokhalitsa, ndiye kuyambira lero tiziwerengera tsiku lotuluka. Poyamba zinandiwawa kumasulira zimenezo, munthu wangopeza pogona mwayamba kale kumuuza zotuluka? Koma mmene ankafotokoza ndinaona kuti akunena zoona. Akuti amayi ambiri amene amabwerera kwa bambo wowamenya sikuti chikondi chawavuta ayi, ndi lendi. Munthu watuluka pageti alibe dipoziti, alibe womusiyira mwana kuti akagwire ganyu, apita kuti? Abwerera komwe kuli denga.

Nchifukwa chake malo ena ali ndi zomwe amati second stage, tinyumba tomwe mayi amasamukirako akamaliza miyezi yoyamba ija atapeza ntchito, amalipira kalendi kochepa, amagula yekha chakudya ndi magetsi, makiyi ali mmanja mwake koma a social worker akumuyenderabe. Kuno odziwika ndi zimenezi ndi St Anne's Homes ku Woodstock, omwe anayamba kale mu 1904, ndi Saartjie Baartman Centre ku Athlone yomwe inatsegulidwa mu 1999. Ine ndikuona kuti gawo limeneli ndiye lenileni, chifukwa kumpatsa munthu bedi ndi phala tchalitchi chilichonse chingathe, koma kumuzoloweza kuti pa 1 mwezi ukatha lendi ichoke mthumba mwake, asunge kenakake, mwana apite ku creche iye ali kuntchito, pamenepo mpamene pamafunika nthawi. Vuto tinyumbato ntochepa, amayi ofuna ndi ambiri.

Tsono pomwe zinafika povuta ndi pa mapepala. Mayi wa konkuno akafika pa shelter amamuthandiza kulembetsa grant ya ana ku SASSA, bungwe la boma lopereka ndalama zothandizira anthu, grant yomwe mu April 2025 inafika R560 pa mwana mmodzi pamwezi, siyambiri koma ndi poyambira. Koma imeneyo ndi ya nzika, a permanent residence ndi ma refugee ovomerezeka. Ife ambiri amene tinalowa ndi masiku 30 pa Beitbridge nkukhaliratu sitili mmenemo. Ntchito zomwe amawaphunzitsa, kusoka, kompyuta, kusamalira okalamba, ukamaliza bwana amafuna ID kapena permit. Ndiye makwerero omwe anawakonzera bwinobwino aja kwa mtsikana wakwathuyu masitepe ena mulibe. A social worker sanabise, anati apa manja anga ndi afupi.

Koma zilipo zomwe anamuuza zoti ngakhale ine ndinatsegula makutu. Protection order, chikalata choletsa munthu wankhanza kukuzunzanso, kukhoti la majisitireti ndi yaulere ndipo lamulo lake la nkhanza za m'banja la 1998 silinena kuti ukhale nzika kuti likuteteze. Mwana wamkuluyo, amene wakhala pakhomo chaka chonse chifukwa bambo ake ankati alibe mapepala sangamulandire, ali ndi ufulu wolowa sukulu, khoti la ku Makhanda linagamula mu 2019 kuti mwana asabwezedwe chifukwa chosowa birth certificate kapena permit. Anati alemba kalata yopita nayo kusukulu, komanso amutumiza ku Scalabrini Centre mtauni komwe amalangiza anthu obwera pa nkhani za mapepala. Za pasipoti ija akuti akanene kupolisi kuti apeze kalata, kenako ayambe ndondomeko ndi a ofesi ya dziko lathu. Nditamasulira za sukulu mtsikana uja anandigwira dzanja, akuti bwerezaninso anti, mwati akhoza kupita?

Kenako funso lomwe aliyense amalizemba, kodi ukufuna kubwerera kumudzi? Anakhala chete nthawi yaitali. Akuti ndikafika ndi chani, anthu anandiperekeza pa Wenela akuti wapita ku Joni, ndibwere ndi ana awiri ndi shangani? Ndinamumvetsa, manyazi amenewa atisunga ambiri kuno. Ine sindinamuuze chochita, ntchito yanga inali pakamwa basi, ngakhale mumtima ndinali ndi maganizo anga. A social worker anati njira zonse ziwiri zilembedwe papepala, yotsala ndi yobwerera, ndipo iliyonse ikhale ndi mtengo wake, asankhe akuona manambala osati akulira.

Ndiye tinawerengera limodzi. Malipiro otsikitsitsa aboma mu March 2025 anafika R28.79 pa ola ndipo antchito a mnyumba tili momwemo, ndiye pa mtengo umenewo tsiku la maola 8 linali cha mma R230. Akapeza masiku atatu pasabata, chotsani tekisi, chotsani creche ya wamng'onoyo, chotsani ufa ndi palafini, chotsala nchimene chikuyenera kukwana dipoziti miyezi itatu isanathe popeza pano sakulipira lendi. Zikukwana mothinana kwambiri, ndipo ndi pokhapokha mwana asadwale komanso kumudzi asayambe zoti titumizireko pa Mukuru. Pamenepo ndinalankhula ngati mkulu wake, ndinati asisi miyezi imeneyi foni yakumudzi yopempha muziyankha kuti zinthu sizili bwino, musachite manyazi. Anaseka koyamba.

Masana anatipatsa mpunga ndi nyemba, kamwana kakang'ono kanakana kakuti kakufuna nsima, mayi wina wachiXhosa yemwe anali pa ndandanda wophika anakavundulira pap pompo, yofewa kuposa yathu koma kanadya mpaka kugona pamwendo panga.

Pobwerera mu tekisi ndalemba pagulu lathu la chipereganyu, osatchula dzina, kuti pali mlongo akufuna masiku a ntchito ya mnyumba, amene madamu ake akufuna munthu anene. Mmodzi wayankha kale kuti neba wa madamu ake akufuna wochapa ndi kusita Lachiwiri lililonse, wina wayamba zofunsa kuti ndi mkazi wa ndani, ameneyo sindinamuyankhe. Tagwirizananso kuti akayamba kulandira timulowetse mgululo ndipo alandire koyambirira kuti dipoziti ipezeke msanga, awiri akukana akuti munthu sitikumudziwa akathawa nazo bwanji, tikambirana Lamulungu tikaweruka kutchalitchi. A social worker akuti ndibwerenso sabata yamawa tsiku lopita kukhoti, ndiye mawa ndikapemphe madamu kuti ofu yanga isinthe. Zochapa zija zidakali mubeseni.