Matailosi apitirire bafa ndi mtunda wotani? Mmene ndimayezera ndisanagule kanthu

Amalawi ambiri tili kuno ku Joni timagwira ntchito zokonza nyumba, ndipo funso limene limabwera kawirikawiri tikamakonza chipinda chosambira ndi lakuti matailosi apakhoma athere pati. Eni nyumba ambiri amafuna athere pamene bafa lathera, kuti apulumutse bokosi limodzi. Ine ndimakana. Madzi sadziwa malire a bafa. Amayenderera pamlomo wake, n'kutsika pakona yakunja pamene bafa lakumana ndi khoma, ndipo ngati pamenepo pali penti yokha, imayamba kutupa, pulasitala n'kumafumbutuka, chuku n'kumera.

Ndimayamba ndi tepi ndi pensulo. Mabafa ambiri ogulitsidwa kuno ndi a mamilimita 1700 m'litali ndi 700 m'lifupi, ndipo akamangidwa amakwera pafupifupi 550 kuchokera pansi. Pakhoma lakumutu ndi lakumiyendo ndimayeza 150 kuchokera pamlomo wakunja wa bafa n'kulemba mzere woimirira ndi levulo. Pochepetsetsa ndi pamenepo. Ngati pamwamba pa bafa pali shawa, ndimakonda 200 mpaka 300, chifukwa katani kapena galasi lotchinga silitsekereza madzi onse, komanso munthu potuluka amagwira khoma ndi dzanja lonyowa.

Koma mzere weniweni umachokera pa kukula kwa tailosi. Tiyerekeze kuti mwasankha a 300 ndi 600 ndipo mukuwaimika. Atatu akupatsani 900 kuchokera pakona, kutanthauza kuti mwapitirira bafa ndi 200. Zakhala bwino. Ngati ndi a 250 m'lifupi, atatu akufika 750 basi, ndipo 50 yotsalayo ndi yochepa kwambiri. Pamenepo ndimaika anayi, ndipitirire ndi 300. Tailosi lathunthu ndimaliika kumapeto kumene maso amaona, lodula limapita pakona yamkati. Kachidutswa kopyapyala kumapeto sikagwira bwino ndipo kamaonetsa kupendekeka kulikonse kwa khoma, makamaka m'nyumba zakale za ku Rosettenville kapena Turffontein kumene khoma lowongoka silipezeka wamba.

Chimene ambiri amaiwala ndi ichi: gawo lopitiriralo liyenera kutsika mpaka pansi. Matailosi akapitirira bafa koma n'kuthera pa msinkhu wa mlomo wake, mwasiya poyera malo enieni amene madzi amadontha. Tailosi la pakona imeneyo ndimalidula ngati chilembo L ndi grinder, kuti mzere wa grout, phala lotsekera mipata ya pakati pa matailosi, usayambire pakona penipeni. Ngati chitseko kapena zenera lili pafupi, mwina pasanathe tailosi limodzi, ndimangopitiriza mpaka pafelemu. Kampata ka penti pakati pa tailosi ndi felemu kamavuta kupenta ndipo sikaoneka bwino.

Za kutalika n'zosavuta. Pali shawa, ndimafika 2100 kuchokera pansi kapena kudenga, bola mzere womaliza ukhale pamwamba pa paipi ya shawa. Palibe shawa, 600 pamwamba pa mlomo wa bafa akukwana.

Tsopano masamu. Khoma lalitali ndi mamita 1.7 kuchulukitsa ndi 1.55 (kuchokera pamlomo wa bafa kufika pa 2100 paja), makoma awiri am'mbali ndi 0.9 kuchulukitsa ndi 1.55 lililonse, kuphatikiza timiyendo tiwiri ta gawo lopitirira totsika pansi ndi kutsogolo kwa bafa. Zonse zikufika pafupifupi masikweya mita 6.6. Ndimawonjezera 10 peresenti ya zodula ndi zosweka, ndiye ndimagula cha m'ma 7.5. Kaya mukugula ku CTM, Builders kapena Tile Africa, werengani nambala ya batch pabokosi lililonse, ikhale imodzi. Mukadzabwerera mawa kukawonjezera bokosi, mtundu ukhoza kusiyana pang'ono, ndipo kusiyanako kumaonekera pagawo lopitirira lomwelo. Matumba awiri a makilogalamu 20 a adhesive, simenti yomatira matailosi, amakwana.

Kenaka khoma. Penti yakale ndimaipala mpaka pulasitala ya simenti ioneke, ndipo ngati pansi pake pali Rhinolite, pulasitala yoyera yosalazira khoma, ndimaichotsa m'dera lonse lonyowa, chifukwa ikanyowa imafewa n'kugwa pamodzi ndi matailosi. Pulasitala yatsopano ndimaipatsa masabata awiri. Mankhwala otchinga madzi ndimapaka kawiri, ndikudikira koyamba kuume, ndipo m'makona ndimamata nsalu yake ija yolimbitsa. Amafika mpaka pamzere wanga wakunja ndi kutsika nawo pansi, osati kuthera pabafa. Grout imamwa madzi, chotero chimene chimateteza khoma ndi chimene chili kuseri kwa tailosi. Kwa amene akugwira m'mafulati, izi n'zofunika koposa: madzi akadutsa amakatulukira padenga la mnansi wam'munsi, ndipo nkhani imakafika ku body corporate, bungwe la eni mafulatiwo.

Pomata, ndimayeza mlomo wa bafa ndi levulo kaye, n'kusiya mpata wa mamilimita 3 mpaka 5 pakati pa bafa ndi mzere woyamba. Pakati pa matailosi ndimaika tiziduswa ta 3. Adhesive ndimapaka ndi chipande chamano, malo ochepa nthawi imodzi, chifukwa mpweya wa ku Joni ndi wouma ndipo pamwamba pake pamauma msanga. Mukakhudza n'kuona kuti sakumata chala, palani mupake wina. Za kuika timibulu tisanu kuseri kwa tailosi, chonde anzanga, tisiye. Kumasiya mphako zosunga madzi. Mu June ndi July, m'mawa kukazizira kwambiri, ndimadikira dzuwa likwere chifukwa simenti siigwira bwino pozizira.

Kumapeto kwa matailosi ndimaika trim, kamkombero kobisa m'mphepete mwa tailosi, ya aluminiyamu kapena pulasitiki yolingana ndi kukhuthala kwa tailosi, nthawi zambiri 8 kapena 10. Imalowa mu adhesive tailosi lomaliza lisanaikidwe, siyomata pambuyo. Mzere wanu ukagwera pa switchi kapena soketi, itanani wamagetsi wovomerezeka. Malamulo a kuno salola soketi wamba pasanathe mamilimita 600 kuchokera pabafa, ndipo kuisuntha n'kosavuta matailosi asanamatidwe.

Pakatha maola 24 ndimathira grout, kupatula m'makona amkati ndi pampata wa pabafa. Mmenemo mumalowa silicone yolimbana ndi chuku. Ndisanaike, ndimadzaza bafa ndi madzi kuti litsike ndi kulemera, makamaka likakhala la acrylic, ndipo madziwo amakhala momwemo mpaka tsiku lotsatira. Mukaika silicone bafa lili lopanda kanthu, imang'ambika munthu woyamba akangolowamo. Mzere wa silicone ndimauzungulitsa pakona yakunja n'kutsika nawo mpaka pansi, motsatira kamwendo kaja.