Vim yandidyera tulo

Koma abale Vim, pulogalamu yolembera ndi kukonza ma code pa kompyuta, yandidyera tulo usiku wathawu, eish. Ndaikompaila (kuimanga kuchokera ku ma code ake) kanayi konse koma ndikalemba :py3 import sys; print(sys.version) mu Vim kuti ndione mtundu wa Python umene ikugwiritsa ntchito, ikungondionetsa Python 3.8 yobwera ndi Ubuntu 20.04 ija, pomwe plugin yanga (kapulogalamu koonjezera pa Vim) ikufuna 3.11 ndipo python3.11-dev, mafayilo ofunika pokompaila ndi Python 3.11, ndinaika kale pa laputopu.

Kani vuto ndi fayilo ya config.cache, momwe configure (pulogalamu yofufuza zomwe zili pa kompyuta usanakompaile) imasunga zomwe inapeza ulendo woyamba ndiye olo uike --with-python3-command=python3.11 iyo imangokakamira zakale zomwezo. Ndangopanga make distclean, yomwe imafufuta zakale zonse kuphatikizapo config.cache, nkuyambiranso ndi --enable-python3interp=yes komanso --with-python3-command=python3.11, basi 3.11 yatulukira. Apo nkuti ili 2 koloko m'mawa, tiyi atazizira kalekale.

Chandinyansa kwambiri nchoti distclean ndimaidziwa bwinobwino, ndimangoidumpha dala poti ati ndikufulumira.